Mbewa zinachira khansa, nanga mlongo wanga alephereranji?

Funso: "Adokotala, mlongo wanga wa zaka 34 anatuluka timabanga takuda mofiirira m'miyendo, kenako mwendo umodzi unayamba kutupa. Kuchipatala anamudula kanyama n'kukayeza, ndipo atiuza kuti ndi khansa ya Kaposi. Amupezanso ndi HIV, moti wangoyamba kumene ma ARV. Akuti mwina adzafunikanso mankhwala a khansa a m'dripi. Ine ndinawerenga pa foni kuti asayansi ku America anachiritsa khansa mu mbewa pongotseka mitsempha ya magazi yodyetsa chotupa. Kodi mbewa ndi munthu zikugwirizana pati? Ngati mankhwalawo alipo, bwanji sakumupatsa? Kapena tisonkherane ndalama pachibale tikawagule kunja?" Mayi wa ku Balaka

Pepani kwambiri ndi matendawa, mayi. Ndiyambe ndi zokhazika mtima pansi. Khansa ya Kaposi ili m'gulu la khansa zomwe zimamva mankhwala, ndipo chida chachikulu cholimbana nayo alongo anu achigwira kale m'manja, chomwe ndi ma ARV. Ndakondwanso kumva kuti anawadula kanyama n'kuyeza, chifukwa pali matenda ena a pakhungu ofanana kwambiri ndi Kaposi omwe mankhwala ake ndi ena. Za kusonkherana ndalama, dikirani kaye. Zomwe munawerengazo si bodza ayi, koma anakuuzani theka lake. Ndikufotokozerani pang'onopang'ono, makamaka poti pa khansa zonse, ya alongo anuyi ndi yomwe nkhani ya mitsempha ya magazi imaikhudza kwambiri.

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo pafupifupi selo lililonse lili ndi malangizo ofanana olembedwa mu DNA. Malangizowa anagawika m'zigawo zomwe timati majini, ndipo majini opangitsa mapuloteni alipo pafupifupi 20,000. Selo la m'chiwindi ndi selo loyala m'kati mwa mtsempha wa magazi ali ndi majini omwewo ndendende. Chomwe chimawasiyanitsa n'chakuti lililonse limagwiritsa ntchito majini ake, ena onse n'kuwasiya ali chigonere. Zili ngati buku la nyimbo la kutchalitchi: buku ndi limodzi lomwelo, koma nyimbo za paukwati si zomwe timaimba pamaliro. Ntchito ya asayansi ambiri a za khansa ndi yofufuza kuti ndi majini ati omwe adzuka m'selo, nthawi yanji, ndipo wawadzutsa ndani.

Mbewa zimalowa m'nkhaniyi chifukwa funso limeneli sitingalifufuze mwa munthu. Palibe angalole kuti achotse jini m'mluza wa munthu kuti aone chomwe chichitike. Mbewa ili ndi majini ochuluka mofanana ndi athu, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi anzawo mwa munthu ogwira ntchito yofanana. Bere lake silikwana ngakhale masabata atatu athunthu, choncho munthu amatha kutsatira kakulidwe konse ka mluza tsiku ndi tsiku. Luso lochotsa jini imodzi yokha mu mbewa ndi lomwe linapezetsa Mario Capecchi, Martin Evans ndi Oliver Smithies mphoto ya Nobel mu 2007. Mbewa zake si za kutchire zathuzi, ndi zoweta m'malabotale, zobadwa pachibale kwa mibadwo yambirimbiri mpaka zonse kufanana ngati mapasa. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso.

Mluza wa mbewa ukafika tsiku la 7 kulowa la 8, timagulu ta maselo timayamba kusonkhana n'kupanga magazi ndi timitsempha toyamba, ndipo pasanapite nthawi mtima umayamba kugunda. Chomwe chimatsogolera ntchitoyi ndi puloteni yotchedwa VEGF. Minofu yomwe ikusowa magazi imatulutsa VEGF, ndipo maselo a m'mitsempha ali ndi kachingwe kolandirira uthengawo pakhungu lawo. Akaulandira amagawikana, kuphuka n'kulowera komwe uthengawo ukuchokera. Mu 1995, gulu la Janet Rossant ku Toronto linachotsa jini yopanga kolandirirako, ndipo miluza inafa cha pa tsiku la 9 yopanda mitsempha ya magazi. Chaka chotsatira, magulu awiri, la Napoleone Ferrara ndi la Peter Carmeliet, anapeza chinthu chomwe chinadabwitsa anthu. Pafupifupi jini iliyonse timakhala nayo pawiri, ina yochokera kwa mayi ina kwa bambo, ndipo nthawi zambiri imodzi ikawonongeka inzake imakwanitsa ntchito. Koma pa VEGF, kungochotsa imodzi yokha kunali kokwanira kupha mluza cha pa tsiku la 11 kapena 12. Ndiye kuti mlingo wake uyenera kukhala wolondola kwambiri, osachepa ngakhale ndi theka.

Munthu akakula, maselo a m'mitsempha amapuma. Amagawikana mwa apo ndi apo, ndipo majini ambiri omwe anali kalikiliki m'mluza amagona. Amadzuka pa zifukwa zochepa chabe: chilonda chikamapola, m'chiberekero ndi m'thumba la mazira mwezi ndi mwezi, komanso mayi akaima, pomanga nsengwa.

Chotupa cha khansa nacho chimawadzutsa. Mu 1971, dokotala wa maopaleshoni a ana ku Boston, Judah Folkman, analemba kuti chotupa sichingakule kuposa milimita imodzi kapena ziwiri popanda kudzikokera mitsempha yatsopano, ndipo kuti tikatseka mitsemphayo chotupacho chidzafota. Anzake ambiri sanamukhulupirire kwa zaka zingapo, koma pa mfundo yoyambayo analondola. Maselo a pakati pa chotupa amakhala kutali ndi magazi, ndiye amasowa okosijeni, mpweya wabwino womwe magazi amanyamula. Selo likasowa okosijeni, puloteni yotchedwa HIF, yomwe masiku onse imawonongedwa ikangopangidwa, imayamba kuchuluka n'kukadzutsa majini ambiri, kuphatikizapo ya VEGF ija. Omwe anatulukira m'mene selo limadziwira kuti okosijeni wachepa, Gregg Semenza, Peter Ratcliffe ndi William Kaelin, analandira mphoto ya Nobel mu 2019.

Kafukufuku yemwe ine ndimakonda kuphunzitsa ophunzira anga ndi wa mu 2000 ku yunivesite ya Johns Hopkins. Anatenga maselo a m'mitsempha ya m'chotupa cha m'matumbo, ndi ena a m'mitsempha ya matumbo abwinobwino, n'kuwerenga majini omwe anali maso m'gulu lililonse. Anapeza majini 46 omwe anali okwera kwambiri m'mitsempha ya chotupa. Chiyembekezo chinali chakuti apeza chizindikiro chopezeka m'chotupa mokha, chomwe mankhwala angalunjikepo osakhudza thupi lonse. Koma atayang'ananso anaona kuti ambiri mwa majiniwo amadzukanso pachilonda chopola ndi m'thumba la mazira. Chaka chotsatira anafufuza mu mbewa, n'kupeza ena mwa majini omwewo ali maso m'mitsempha ya zotupa za mbewa komanso m'mitsempha ya miluza. Tanthauzo lake n'lakuti chotupa sichibwera ndi nzeru yatsopano yomangira mitsempha. Chimangodzutsa malangizo akale omwe anatimanga tonsefe tili m'mimba, koma pa nthawi yolakwika ndiponso popanda wouza kuti basi zakwana. N'chifukwa chake mitsempha ya m'chotupa imakhala yokhotakhota, yopyapyala ndi yodontha. Ndipotu VEGF asanaidziwe ngati yomeretsa mitsempha, gulu la Harold Dvorak linali litaipeza kale mu 1983 ngati chinthu chopangitsa mitsempha kudontha madzi.

Tsopano za nkhani yomwe munawerenga. Ndikuganiza kuti gwero lake ndi la mu 1998, pomwe nyuzipepala ya New York Times inalemba patsamba loyamba za mapuloteni awiri a m'labotale ya Folkman, angiostatin ndi endostatin, omwe anafotetsa zotupa mu mbewa. Dziko lonse linatekeseka, odwala n'kumaimba mafoni kupempha mankhwalawo. Folkman mwiniwake anachenjeza anthu mwanthabwala kuti yemwe angamusamalire bwino pa nthawiyo ndi wodwala khansa amene ali mbewa. Atawayesa pa anthu, zotsatira zake sizinafike n'komwe pa zomwe zinaoneka mu mbewa. Nkhaniyi imangobwerabe pa intaneti mpaka lero, atangoisintha chikuto.

Sikuti zonse zinapita pachabe. Ferrara ndi anzake ku kampani ya Genentech anapanga mankhwala omanga VEGF otchedwa bevacizumab, omwe amagulitsidwa ndi dzina lakuti Avastin, ndipo anavomerezedwa ku America mu 2004 pa khansa ya m'matumbo yomwe yafalikira. Powaphatikiza ndi mankhwala ena a khansa, anatalikitsa moyo wa odwala ndi miyezi pafupifupi isanu. Miyezi isanu si yochepa kwa banja lomwe likudwazika matenda, koma si kuchira. Pa khansa ya m'mawere, boma la America linachita kuchotsa chilolezo chake mu 2011 litaona kuti phindu lake silikuposa kuopsa kwake. Kuopsako mungathe kukuganizira nokha kuchokera pa zomwe ndafotokoza kale: ngati VEGF imafunika pachilonda ndi m'mitsempha yabwinobwino, kuitseka kumakwezetsa BP, kumachedwetsa mabala kupola, kumayambitsa kutaya magazi kapena magazi kuundana, kumavutitsa impso, ndipo mwa anthu ochepa matumbo amabooka. Kumene mankhwala a mtundu umenewu anachita zodabwitsa kwenikweni ndi m'maso, pa matenda omeretsa timitsempha todontha kuseri kwa diso, komanso athandiza ndithu pa khansa ya impso.

N'chifukwa chiyani mbewa zimachira anthu osachira? Zifukwa n'zingapo. Chotupa cha mu mbewa nthawi zambiri amachita kuchibzala pansi pa khungu, chimakula m'masabata ochepa, ndipo mitsempha yake yonse ndi yanthete, yodalira VEGF kotheratu. Chotupa cha munthu chimakhala chitakula kwa zaka, mitsempha yake ina yakhwima kale, ndipo maselo ake ndi osiyanasiyana. Mukatseka VEGF, ena amadzutsa majini ena omeretsa mitsempha, ena amangotsamira mitsempha yomwe inalipo kale m'chiwalocho. Mbewa za m'labotale n'zazing'ono msinkhu, zofanana zonse monga ndanena, zilibe shuga, TB kapena HIV, ndipo zambiri zimakhala zoti chitetezo cha m'thupi anachichotsa dala kuti chotupa cha munthu chimere. Kusiyanaku kumathanso kutipusitsa mbali inayo. Mankhwala a thalidomide, omwe cha m'ma 1960 anapangitsa ana masauzande ambiri kubadwa ndi manja ndi miyendo yosakula, salemaza ana a mbewa mwa njira imeneyo. Ine ndimati mbewa ndi yabwino potiuza funso loyenera kufunsa ndi jini yoyenera kuiyang'ana. Yankho lenileni limachokera pa kuyesa mankhwala mwa anthu odwala, mosamala ndi mwachilolezo.

Khansa ya alongo anu ndi yosiyana ndi zomwe ndakhala ndikukambazi. Pa khansa ya m'matumbo, mitsempha ndi yongotumikira chotupa. Pa Kaposi, chotupacho chimapangidwa ndi maselo a mtundu wa m'mitsempha enieniwo. Ukayang'ana kanyama ka Kaposi pa maikulosikopu, umaona maselo ataliatali osongoka mbali zonse, pakati pawo pali timing'alu todzaza magazi. Mtundu wakuda mofiirira uja ndi magazi omwe atuluka m'timing'alu timeneti. Matendawa anawafotokoza koyamba ndi Moritz Kaposi ku Vienna mu 1872, koma choyambitsa chake chinadziwika mu 1994, pomwe Yuan Chang ndi Patrick Moore anapeza kachilombo komwe pano timati HHV-8. Kachilomboka kakalowa m'selo la m'mitsempha kamasokoneza majini omwe ali maso. Selo la mtsempha wa magazi limayamba kudzutsa majini a timitsempha tina tomwe timachotsa madzi m'minofu, n'kukhala selo losadziwika bwino mbali yake. Kalinso ndi majini akeake okakamiza selo kutulutsa VEGF. Ngakhale apa mbewa zinathandiza: kachilomboka sikagwira mbewa, koma asayansi ataika jini yake imodzi yokha mu mbewa, zinatuluka zotupa zofanana ndi Kaposi. Kutupa kwa mwendo kuja kumabwera chifukwa timitsempha tochotsa madzi tawonongeka pomwe ta magazi tikudontha.

Kachilombo ka HHV-8 n'kofala kwambiri kuno kwathu ndi m'maiko oyandikana nafe, ndipo ambiri amakatenga ali ana, makamaka kudzera m'malovu. Anthu ochuluka amakhala nako moyo wawo wonse osadwala, chifukwa chitetezo cha m'thupi chimakapanikiza. HIV ikafooketsa chitetezocho ndi pomwe kamapeza mpata, ngakhale kuti alipo ena, makamaka abambo achikulire ndi ana, omwe amadwala Kaposi alibe HIV. Choncho musawasale alongo anu, kapena kuwapatulira mbale ndi makapu. Khansayo payokha sipatsirana.

Mukaona chiyambi chakechi, muona chifukwa chomwe madokotala ayambira ma ARV. Chitetezo chikabwerera, chimapanikizanso kachilombo kosokoneza majini kaja, ndipo kwa odwala omwe mabanga awo ndi ochepa, ma ARV okha amatha kuwafotetsa m'miyezi ingapo. Koma mwendo ukatupa, kapena matenda akafika m'kamwa kwambiri, m'mapapo kapena m'matumbo, ma ARV okha sakwanira, ndipo mpomwe pamabwera mankhwala a m'dripi aja. Pa mfundo iyi tili ndi umboni wochokera kwathu konkuno. Kafukufuku wamkulu yemwe anachitika m'maiko angapo a mu Africa ndi ku Brazil, Malawi ali momwemo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anayerekeza mankhwala atatu mwa anthu a HIV omwe Kaposi yawo inali itakula. Paclitaxel ndi yemwe anapambana, kuposa etoposide wakumwa komanso kuposa bleomycin wophatikiza ndi vincristine. Umboni umenewu ndi wa odwala ofanana ndi alongo anu, ndipo kwa ine ukulemera kuposa kafukufuku aliyense wa mbewa. Mukapita kuchipatala funsani dzina la mankhwala omwe akufuna kuwapatsa, ndipo ngati si paclitaxel, funsani mwaulemu chifukwa chake. Nthawi zina pamakhala chifukwa chomveka, monga kuchepa kwa magazi kapena vuto la chiwindi.

Nanga otseka mitsempha aja pa Kaposi? Bevacizumab anayesedwa pa kagulu kakang'ono ka odwala ku America, ena anathandizika, ambiri ayi, ndipo sanakhale mankhwala oyambira. Chodabwitsa n'chakuti m'bale wake wa thalidomide uja, wotchedwa pomalidomide, anavomerezedwa ku America mu 2020 pa Kaposi. Amagwira ntchito mbali ziwiri, kulimbikitsa chitetezo ndi kuchepetsa kumera kwa mitsempha. Koma ndi wodula, amachepetsa maselo oyera a m'magazi omwe amalimbana ndi matenda, amatha kuundanitsa magazi, ndipo ndi woopsa kwambiri kwa mwana wosabadwa, moti ngakhale mwamuna womwa mankhwalawa amayenera kudziteteza kuti asapereke mimba. Si mankhwala ogula pa intaneti kapena otumitsa kwa m'bale wa ku Joni n'kumamwera kunyumba. Ndaonapo mabanja atagulitsa ng'ombe ndi munda pogula mabotolo olembedwa kuti amapha khansa poimana chakudya, wodwala n'kusiya dripi, pobwerera kuchipatala matenda atalowa m'mapapo. Ngati pachibale mwasonkha kandalama, kagwiritseni ntchito pa thiransipoti yopitira kuchipatala pa tsiku lake ndi pa chakudya chabwino, chifukwa chomwe chimagwetsa odwala ambiri kuno ndi kudumphitsa masiku a dripi. Chithandizo cha khansa chimapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo achipatala cha boma lanu ndi omwe angakuuzeni koyenera kupita.

Mankhwala a m'dripi nawo ali ndi zovuta zake, ndipo ndi bwino muzidziwiretu. Paclitaxel amathothola tsitsi, koma limameranso. Amatha kuchititsa dzanzi kapena kuyaka m'zala ndi m'mapazi, zomwe muyenera kuuza adokotala msanga kuti asinthe mlingo. Choopsa kwambiri ndi kuchepa kwa maselo oyera, komwe kumachitika patapita sabata imodzi kapena ziwiri chilandirireni dripi. Pa nthawi imeneyo thupi likangotentha, musati ndi malungo wamba n'kugula panado pagolosale. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ndipo mukanene kuti wodwalayo ali pa mankhwala a khansa.

Palinso china chomwe chimasokoneza mabanja ambiri. M'masabata kapena miyezi yoyambirira ya ma ARV, mabanga amatha kuwonjezeka kapena kutupa kwambiri, chifukwa chitetezo chomwe chikudzuka chikulimbana ndi kachilombo kaja mwamphamvu. Anthu amati ma ARV awonjezera matenda, n'kuwasiya. Asasiye. Zikatero ndi chizindikiro choti abwerere kuchipatala mwamsanga, chifukwa nthawi zambiri pamafunika kuyamba dripi. Asamwenso prednisolone kapena mankhwala ena a m'gulu limenelo popanda dokotala wodziwa kuti ali ndi Kaposi, chifukwa amatha kuikulitsa. Mankhwala azitsamba nawo auzeni adokotala, poti ena amalimbana ndi ma ARV m'chiwindi, ndipo kutema mphini pa mwendo wotupawo kumangotsegula njira ya mabala osapola.

Musadikire tsiku lomwe anawapatsa lobwerera kuchipatala ngati alongo anu ayamba kubanika, kutsokomola kosalekeza kapena kutsokomola magazi, ngati chimbudzi chikutuluka chakuda kapena cha magazi, ngati m'kamwa mwatuluka zotupa zowalepheretsa kudya, ngati nkhope kapena kumaliseche kwatupa, kapena ngati mwendo watupa mwadzidzidzi n'kumapweteka ndi kutentha. Kaposi ya m'mapapo imafanana kwambiri ndi TB, choncho akamalandira mankhwala a TB koma osasintha, kumbutsani adokotala za mabanga a m'miyendo aja. Kunyumba, mwendo aziutsamiritsa pamwamba akakhala pansi kapena akagona, aziutsuka ndi sopo ndi madzi oyera n'kuumitsa bwino pakati pa zala, ndipo ululu ukakula apemphe mankhwala oletsa ululu amphamvu, chifukwa m'zipatala zathu alipo ndipo ndi ufulu wawo kuwalandira. Pa ulendo wotsatira mupite nawo limodzi, mutalemba mafunso anu papepala, ndipo mufunse kuti matendawa afika pati, dripi ayamba liti, ndiponso kuchuluka kwa HIV m'magazi adzayeza mwezi uti.